Padrino wa Kabuluu

Kwathu ku Atlixco ukwati sausenza munthu mmodzi. Wina amakhala padrino wa mphete, wina wa keke, wina wa oyimba, wina wa mowa, mpaka wina wa mipando ndi lona wotchinga dzuwa. Aliyense amabweretsa chake, dzina lake n'kutchulidwa pachimkuzamawu, anthu n'kuwomba m'manja. Ndiye pamene kompadre wanga Eleuterio, munthu amene anandinyamulira mwana wanga wamkazi Lupita pa ubatizo, ananena kuti akukwatira, ine ndinadikira kuti ndipatsidwa udindo wooneka. Ndinadikira sabata ziwiri. Mphete zinapita kwa mlongo wake, keke kwa abwana ake, oyimba kwa Baldomero. Ine Fidencio, amene ndameta mutu wa munthuyo zaka makumi awiri ndi zinayi, sindinapatsidwe ngakhale supuni. Zinandiwawa, sindibisa.

Eleuterio ndi wophika buledi, munthu wofatsa, wa manja akuluakulu onunkhira shuga. Anafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi asanakwatire chifukwa ankasamala mayi ake odwala, ndipo gogoyo atatisiya tonse tinkaganiza kuti iye adzafera pauvuni ali batchala. Koma anatidzidzimutsa. Anakafunsira Griselda, mayi wamasiye wogulitsa maluwa kumsika, ndipo Griselda analola. Mwamuna wake woyamba tonse tinkamudziwa: chimunthu chokwera mahatchi, chandevu zopotana, chimene chikaseka pakona ino agalu a kutchalitchi ankauwa.

Loweruka lililonse masana babashopu yanga imadzaza ndi amuna osabwerera kumetetsa. Mtsogoleri wawo ndi Baldomero, woyendetsa thiraki, amene timangomuti Baldo. Ndiye amene anatibweretsera kabuluu, kapilitsi kabuluu ka mphamvu za abambo kaja. Musamve molakwika, palibe mmodzi wa ife amene ankadwala, kapena tinene kuti palibe amene anavomerapo. Tinkamwa mongosangalala, ngati tsabola wowonjezera pa chakudya chokoma kale. Ukamwa Loweruka, Lolemba unkabwera ndi lipoti, ndipo malipotiwo ankakula sabata ndi sabata. Genaro wokonza njinga zamoto ananena kuti bedi lake linathyoka mwendo. Baldo anati akazi ake anapempha tchuthi n'kupita kwa mayi awo. Inenso ndinkanena zanga, lumo lili m'manja, ndikuyang'ana pagalasi kuti ndione ngati andikhulupirira.

Zoona zake, ine ndinkangomwa theka, ndipo chimene chinkadzuka mwamphamvu chinali mutu. Mphuno zinkatsekeka, nkhope n'kufiira, n'kumapumira kukamwa. Mkazi wanga Herlinda ankandiika kansalu konyowa pamphumi akuti, "Bambo a Lupita, chimfine chanuchi chimadziwa bwanji kuti lero ndi Loweruka?" Ine ndinkangotembenukira kukhoma.

Eleuterio sankamwa. Ankakhala pabenchi pakona, chipewa pabondo, n'kumamwetulira anzake akamaseka. Tsiku limene ndinadandaula kuti andimana udindo, iye anachita manyazi.

"Kompadre, inu ndinu wa m'nyumba. Ndimafuna mudzangokhala pafupi nane."

"Kukhala pafupi ndi ntchito ya mpando," ndinatero.

Baldo anamenya ntchafu yake. "Udindo ulipo, amwene, ndipo ndi waukulu kuposa keke. Mphete sizigwira ntchito, oyimba amapita kwawo. Fidencio akhale padrino wa kabuluu."

Babashopu yonse inagwa ndi phwete. Genaro anaimirira n'kundiveka thaulo paphewa ngati lamba waulemu. Ine ndinaseka nawo, ndipo kunena chilungamo ndinakondwa, chifukwa udindo ndi udindo. Eleuterio anangoyang'ana chipewa chake.

Lachinayi ndinapita kufamase ya pakona pathu. Amagulitsamo ndi Doña Otilia, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, amene amadziwa za mkati mwa thalauza la mwamuna aliyense m'dera lathu koma sanauzepo munthu. Ndinapempha kamodzi kathunthu, kamphamvu kwambiri.

"Mwakula liti, a Fidencio? Si inu a theka?"

"Ndi mphatso, mayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa funso lawo la masiku onse, limene ine ndinali nditaloweza ngati pemphero. "Mwini wakeyo sadwala mtima? Samwa timapilitsi toika pansi pa lilime pachifuwa pakamapweteka?"

"Ndi munthu wonyamula matumba a ufa."

"Sindinafunse za ufa. Mankhwala awiriwa sagona nyumba imodzi. Akakumana m'thupi, kuthamanga kwa magazi kumatsikiratu, munthu n'kugwa pomwepo, ndipo ena sadzukanso. Mukamufunse."

Ndinalonjeza kuti ndikafunsa, koma sindinafunse. Mwamuna mnzako sumufunsa ngati ali wobooka penapake. M'malo mwake ndinapeza kabokosi ka ndolo za Herlinda, ndinayalamo thonje, n'kumanga riboni woyera pamwamba, chifukwa mphatso ya padrino siperekedwa ngati fodya.

Lachisanu Eleuterio anabwera kudzametetsa za ukwati. Munalibe munthu wina. Nditamupaka thovu kumaso ndinamuika kabokosi m'manja, ndipo anakagwira nthawi yaitali osakatsegula.

"Kompadre," anatero, maso ali kudenga, "Griselda anakwatiwapo."

"Ndiye ubwino wake. Sadzasochera."

"Musaseke. Malemu aja munawaona. Ine ndimadziwa chiyani? Ndimadziwa uvuni ndi kutembenuza wodwala pabedi. Bwanji akadzayerekeza?"

Apa mpamene munthu wanzeru akanaika lumo pansi n'kulankhula ngati mbale. Ine ndinalankhula ngati Baldo. "N'chifukwa chake muli ndi padrino. Keke ikangodulidwa, mukameze ako. Zotsalazo zidzadziyendera zokha."

Anaika kabokosi m'thumba la malaya, n'kusisita pachifuwa pang'onopang'ono. Ine ndinkayesa akusisita kabokosiko.

Ukwati unakoma. Misa inali ya m'mawa, ndipo pofika masana tonse tinali pabwalo la kwa mlongo wa Eleuterio, pansi pa lona wachikasu, tikudya nkhukundembo yosambira mu msuzi wakuda wa mole. Maluwa anali paliponse, chifukwa amayi onse a kumsika anabweretsa zotsala zawo ndi zosatsala zomwe. Griselda anavala diresi la mtundu wa mkaka, tsitsi lake la imvi zochepa atalimanga pamwamba. Woyendetsa mwambo anatchula mapadrino mmodzimmodzi. Atamaliza, Baldo analanda chimkuzamawu n'kulengeza kuti palinso padrino wina wa zinthu zosatchulika pamaso pa bambo mfumu. Amuna anakuwa, amayi anabisa nkhope m'mipango, ndipo Herlinda ananditsina m'nthiti mpaka ndinakhetsa msuzi pa tayi.

Keke itadulidwa, oyimba anasintha nyimbo. Malipenga anayamba kulira pang'onopang'ono nyimbo ya maliro, ndipo amuna tonse tinadziwa kuti yakwana nthawi yoika mkwati m'manda. Tinamugwira Eleuterio, wina miyendo, wina mapewa, tinamugoneka chagada m'mwamba, n'kumuvula nsapato ndi masokosi kukapereka kwa mkwatibwi monga mwa mwambo. Tinazungulira naye bwalo lonse, Genaro ali patsogolo akulira monamizira kuti batchala wathu wapita, buledi tidzagula kuti. Kenako tinamuponya m'mwamba. Kachitatu mutu wake unagunda lona, ndipo matumba ake anakhutula zonse: mpango, chipeso, kabokosi kanga ka riboni, ndi kabotolo kagalasi kakuda kamene kanagubuduka mpaka kudzaima pa nsapato yanga.

Ndinakatola ndikuseka. Ndinawerenga kapepala komata pamwamba pake ndikusekabe, kenako kuseka kunandithera m'kamwa. Panali dzina la Eleuterio, ndi mawu akuti aike kamodzi pansi pa lilime pachifuwa pakayamba kupweteka. Kabotoloko kanali katatha theka.

Ndinamva mawu a Doña Otilia ngati aima pambali panga. Ndinayang'ana anzanga akutsitsa kompadre wanga pansi, nyimbo ya maliro ikumalizika, iye akuseka koma akupuma movutikira. Tinali titangomunyamula kumene ngati mtembo mwamasewera, ndipo chomupha chenicheni ndinali nditamumangira ndekha riboni.

Kabokosi anali atatola Baldo. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. "Kadakalimo. Amuna onse kuseri, tikamwe limodzi ndi mkwati."

Tinasonkhana kuseri kwa lona, pafupi ndi beseni la mowa ndi madzi oundana. Tinalipo asanu ndi awiri. Aliyense anatulutsa kake, wina m'chikwama, wina m'sokosi, Genaro m'kati mwa chipewa. Baldo anamasula riboni mwaulemu ngati wansembe, n'kuika kapilitsi m'dzanja la Eleuterio, amene anaima osavala nsapato pafumbi, botolo la mowa lili kudzanja linalo.

Ndikanatha kungokuwa kuti munthuyu ndi wodwala mtima. Koma anali atabisa zimenezi kwa ife tonse, mwina zaka, ndipo kumuvula pamaso pa Baldo tsiku la ukwati wake kunali kumupatsa dzina loti adzafa nalo. Ndinalibe nthawi yoganiza bwino, ndipo kuganiza bwino si luso langa. Ndinatambasula dzanja, ndinatsomphola kapilitsi, n'kukameza kopanda madzi.

Onse anandiyang'ana.

"Padrino amayamba walawa," ndinatero ndikutsokomola. "Ndi mwambo."

"Mwambo wa kuti?" anafunsa Genaro. "Ndiye wa mphete bwenzi atathawa nazo."

"Umbombo basi," anatero Baldo. "Wapereka ndi lamanja, walanda ndi lamanzere. Musadandaule, akulu, thiraki siyenda yopanda tayala lapadera." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kena, n'kukaika m'dzanja lomwe lija.

Nzeru yanga yoyamba inathera pomwepo, itandisiya ndi kapilitsi kathunthu m'mimba. Ndinayesa yachiwiri, imene inali yowawa kuposa yoyambayo. Ndinati ngati payenera kuchititsidwa manyazi munthu, akhale ine.

"Amwene, tisamunamize munthuyu. Ine zinthu izi sizinandichitirepo kanthu. Ndimangodwala mutu, mphuno n'kutsekeka, n'kugona ndi kansalu konyowa pamphumi. Zonse ndinkakuuzani Lolemba zija ndinkapeka pometa. Kafunseni Herlinda."

Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Genaro anapukuta misozi, kenako anati motsitsa mawu, "Komatu mutu wokhawo n'zoona. Ndipo bedi lija linali lachiswe kale." Wina kumbuyo anati iye amaona chilichonse chabuluu, moti tsiku lina anayesa mkazi wake wadwala. Kuseka kunakula, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndapambana.

Koma Baldo sagonja. "Inu ndi nkhalamba, zikukuyenerani. Uyu ndi mkwati, ndipo akulowa m'munda umene unalimidwapo ndi katswiri. Mezani, akulu."

Mawu amenewo anamulasa Eleuterio pomwe pankamupweteka. Ndinaona nkhope yake ikuuma, dzanja likukwera kukamwa. Ndinamugwira mkono n'kumukokera kumbali, kuseri kwa mtengo wa mapeyala, ndikuuza anzathuwo kuti padrino ali ndi malangizo omaliza. Ndinatambasula dzanja langa kuti aone kabotolo.

"Kompadre, aka n'kanu."

Anakayang'ana, n'kugwira thumba lake lopanda kanthu.

"Aka ndi kabuluuko sizikumana. Zikakumana timakunyamulaninso, koma osakuponyani m'mwamba. Doña Otilia anandiuza kuti ndikufunseni, ine osafunsa. Ndikhululukireni."

"Dokotala anandiuzapo," anatero motsitsa. "Ndimati kamodzi kokha, lero lokha."

"Mumadziwa?"

"Ndimadziwa. Koma Griselda sadziwa za mtimawu. Akadziwa kuti watola mphika wong'aluka, kenako usiku n'kupezanso kuti mphikawo suphika, nditsala ndi chiyani, kompadre? Ndadikira zaka zonsezi."

Ine amene pakamwa panga sipatsekeka kuyambira m'mawa mpaka potseka shopu, ndinangoima ndi kabotolo m'manja, maso akuyamba kutentha, ndipo sikanali kapilitsi kokha.

"Ndiye muli kuno." Anali Griselda. Anatulukira kuseri kwa lona atanyamula nsapato za mwamuna wake kudzanja limodzi, lina atakweza nalo diresi kuti lisakhudze fumbi. Amuna aja anabisa manja kumbuyo ngati ana a sukulu. Iye anawadutsa osawayang'ana, n'kudzaima patsogolo pathu.

"A Fidencio, ndipatseni kabotoloko. Ndakafunafuna pansi pa matebulo onse."

Ndinamupatsa. Griselda anatembenukira kwa Eleuterio.

"Mukudabwa chiyani, bambo? Tsiku lija munabwera kudzagula maluwa a pamanda a mayi anu, munakhala pa ndowa yanga n'kutembenukira kukhoma, mumayesa ndinali kuwerenga maluwa? Ndinaona. Ndinakafunsa kuti timapilitsi totere ndi ta chiyani musanandifunsire n'komwe."

"Ndiye munalolabe?"

"Ndinalola ndikudziwa. Tsegulani dzanja linalo."

Anatsegula. Kabuluu ka Baldo kanali katayamba kusungunuka ndi thukuta, katadetsa chikhatho. Griselda anakatola ndi zala ziwiri, n'kutembenukira kwa amuna onse aja, amene tsopano anali atasendera pafupi.

"Aka n'ka ndani?"

Baldo anakweza dzanja pang'ono.

"Zikomo, a Baldomero. Ife kumsika timakaphwanya n'kuthira m'madzi a maluwa, amaima sabata yathunthu osafota. Amene ali ndi kena abweretse, maluwa a patebulo lalikulu ayamba kuwerama."

Genaro ndiye anayamba kupereka. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, akuseka mwamanyazi, mpaka m'dzanja la mkwatibwi munali timapilitsi tisanu ndi kamodzi. Baldo anang'ung'udza kuti akazi a masiku ano alibe ulemu, koma anapereka kachiwiri kamene kanali m'sokosi.

Kenako Griselda anagwada pafumbi ndi diresi lake lija, anapukuta mapazi a Eleuterio ndi mpango, n'kuyamba kumuveka masokosi. Analankhula motsitsa, koma ine ndinali pafupi.

"Wamphamvu ndinali naye kale, ndipo ndinamuika m'manda ndi maluwa anga omwe. Sindinabwere kudzafuna wina wotero. Ndikufuna amene adzakhalepo m'mawa, azindibweretsera buledi wotentha, tizikangana za zenera. Zinazo tidzaphunzira pang'onopang'ono, tilibe basi yoti tiithamangire."

Eleuterio analira. Analira poyera, pamaso pa Baldo ndi tonse, mapewa akugwedezeka, ndipo palibe amene anaseka. Atapuma, anatiyang'ana n'kunena yekha, "Mtima wanga ndi wodwala, amwene. Chaka chachitatu chino."

Kenako Baldo anavula chipewa n'kukanda mutu. "Ndiye bwanji osanena tisanakuponyeni m'mwamba katatu? Mukanatiphera ukwati, oyimba ndalipira mpaka madzulo."

Onse anaseka, Eleuterio nayenso, misozi ili m'masaya. Griselda anamanga zingwe za nsapato, anaimirira, n'kuika kabotolo kaja m'kachikwama kake koyera. "Kuyambira lero kazikhala ndi ine," anatero. "Ndiye musamatalikire."

Zotsala za phwandolo ndinaziona mwa apo ndi apo. Pasanathe ola nkhope yanga inali itafiira ngati phwetekere, mphuno zitatsekeka, mutu ukugunda pamodzi ndi ng'oma ya oyimba. Lona wachikasu uja anayamba kuoneka wobiriwira. Ndinakakhala pampando wa kumapeto, ndipo Herlinda anabwera ndi kansalu atakaviika m'beseni la mowa lija.

"Ndamva kuti mwaulula machimo anu kuseri," anatero akundiika kansaluko pamphumi.

"Wakuuzani ndani?"

"Akazi a Genaro. Nkhani yafika kale kukhitchini. Zaka zitatu, bambo a Lupita, ndikuchapa tinsalu ta chimfine cha Loweruka. Mumayesa ndolo zanga ndinazipeza zili pa shelefu popanda kabokosi n'kuganiza kuti kathawa kokha?"

"Bwanji simunanene?"

"Ndimadikira kuti mutope. Munali bwinobwino musanayambe zopusazi, ndipo ndikanakuuzani mukanafunsa ine m'malo mofunsa Baldo."

Anakhala pambali panga n'kundigwira dzanja. Pakati pa bwalo oyimba anali atayamba nyimbo yodekha, ndipo Eleuterio ankavina ndi mkazi wake pang'onopang'ono, akuponda molakwika ngati munthu wozolowera kuima pauvuni. Kachikwama koyera kanali kakulendewera pamkono wa Griselda, pakati pa awiriwo, pafupi ndi chifuwa chake. Nthawi ndi nthawi mkaziyo ankamuimitsa kuti apume, akunamizira kukonza tayi.

Lolemba m'mawa, ndikutsegula babashopu, ndinapeza pakhomo kathumba ka pepala kali ndi mabanzi anayi a shuga, akadali otentha. Mkwati anali atadzuka, ndipo anali atapita kuntchito.